Bala la Pakakolo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kutsinzina kumene ndinachitako kungatchedwe tulo. Tinali m'nyumba ya siwa, amayi okhaokha, tapanikizana pamphasa mozungulira thupi la mng'ono wanga Esitere. Nyimbo za mpingo zimene tinachezera nazo zinali zitazilala, kupatula mayi mmodzi pakhomo amene ankang'ung'udzabe vesi lomwelomwelo. Khanda la Esitere, la milungu iwiri, linali kumsana kwanga. Ndinatuluka nalo chifukwa m'nyumbamo munali fungo limene aliyense ankachita ngati sakulimva, ndipo ine ndinkadziwa kumene linkachokera.

Unali mwezi wa Okutobala, m'zaka zija za Chitaganya, kwathu kuno ku Zemba. Ngakhale m'bandakucha nthaka inali ikadali yofunda. Pabwalo amuna anali atagona mozungulira zikuni zitatu zazikulu, ena atafunda majasi a ku Walale. Munthu mmodzi yekha ndiye analibe moto. Alamu anga a Zakeyo, mwamuna wa malemuyo, anakhala atatsamira nkhokwe imene anamanga okha, manja ali pakati pa mawondo. Usiku wonse palibe amene anawasunthira kuti awothe nawo.

Chifukwa chake chinkadziwika ndi mudzi wonse. Kwathu mkazi akabereka, mwamuna amayenera kudzisunga mpaka tsiku lotengera mwana kumphasa. Akayenda ndi mkazi wina timati wadula mkazi wake, ndipo mdulo umaoneka ndi kutupa. Esitere anabwerako kuchipatala mwendo wamanzere utatupa mpaka m'chuuno. Komanso pamene iye anali chigonere kuchipatalako, a Zakeyo anachoka masiku anayi kupita kwawo ku Zingalume kukauza abale awo ndi kukatenga nkhuku za wodwala. Anthu anangolumikiza ziwirizi. Mlandu unatha munthu asanafunsidwe, ndipo chilango chake chinali chodziwika: kuchoka pamudzi, kusiya mwana.

Koma ine ndiye ndinali naye Esitere kuchipatala, ndipo ndinkadziwa zina.

Mwanayo anabadwira m'nyumba yawo, yomwe ija inasanduka siwa. Anatuluka bwino, koma magazi sanaleke. Tinamukweza Esitere pangolo mpaka kumsewu wa ku Chadiza, kumene lole ina inatitola n'kutifikitsa kuchipatala cha mishoni. Amayi athu anali atamwalira kalekale, amuna anga anali kumigodi, kotero womudikirira ndinali ine, mkulu wake. Pofika kumeneko mitsempha ya m'manja inali itabisala, singano sinkaipeza. Adokotala anacheka pang'ono pakakolo, nalowetsa kapaipi kowonda mumtsempha, n'kukamanga ndi ulusi. Botolo la madzi linapachikidwa pamwamba pa bedi, madziwo n'kumadontha kudzera m'kapaipiko. M'mawa mwake Esitere anatsegula maso napempha phala. Ndinatuluka panja n'kuvina ndekha ngati wamisala.

Amene ankasamalira mabala anali dilesala wina wa ndevu zongoyamba kumene. Asanakhudze mwendowo ankasamba m'manja ndi sopo nthawi yaitali, mpaka ine kumuseka mumtima kuti kodi akufuna kusupula khungu. Tsiku loyamba lomwelo anandiitana. "Amayi, bandeji iyi musamasule, musanyowetse, musaikepo dzanja. Bala ili likuoneka laling'ono, koma latseguka mpaka kumtima. Pakafiira kapena pakatupa, mudzaitane ine." Ndinavomera ndi pakamwa. Mumtima ndinati, kamwana aka kangandiphunzitse ine kusamala mchembere? Ine ndinabadwa ndi makani, ndipo amene amandidziwa sangatsutse.

Tsiku lachinayi Esitere anati pakakolo pakumuwawa. Aliyense wa kwathu amadziwa chochita ndi thupi la mkazi amene wangobereka: umalithowa. Umatenthetsa madzi, kuviikamo nsalu, n'kumasindikiza pamimba, m'chuuno ndi pamsana. Ndinali ndikumuchitira kale zimenezo m'mawa ndi madzulo, ndi madzi otunga pachitsime kuseri kwa chisakasa chimene odikirira odwala tinkaphikiramo. Sindinkawawiritsa, ndinkangowafunditsa kuti asamuwotche. Masana amenewo, dilesala atapita kukadya, ndinamasula bandeji ija. Ndinatenga nsalu yomwe ija ya pamimba, ndinathowa mozungulira kapaipiko, ndipo Esitere anapuma mozama nati, "Akulu, manja anu ndi a amayi." Ndinamanganso bandeji ikadali yonyowa. Ndinachita zimenezi masiku atatu, ndipo tsiku lililonse ankandithokoza.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anayamba kunjenjemera mpaka bedi lachitsulo kumalira. Thupi linatentha, mzere wofiira unakwera kuchokera pakakolo kulowera kuntchafu. Dilesala atabwera anayang'ana mfundo ya bandejiyo nthawi yaitali. Ndinali nditaimanga monga timamangira mtolo wa nkhuni. Anandifunsa ngati wina anamasula, ine ndinakana ndikumuyang'ana m'maso. Sananditsutse. Anasolola kapaipiko, ndipo mafinya anatsatira. Anangoti, "Litsiro likalowa apa limayenda ndi magazi thupi lonse. Nafenso tachedwa. Kapaipika kakanayenera kuchoka atangoyamba kumwa phala, koma adokotala ali paulendo ndipo ine sindinalamulidwe." Anamubaya majakisoni masiku atatu koma sizinathandize. Atsibweni, alongo awo a malemu amayi, amene ndiwo eni mbumba yathu, atafika n'kuona mwendowo anati awa ndi matenda akumudzi, azungu sangawathe. Tinamutenga. Anatha masiku awiri okha pakhomo.

Izi ndi zimene ndinali nazo pamtima m'mawa wa tsiku loika maliro, nditaima pakati pa siwa ndi nkhokwe, khanda lili kumsana.

Kutangoyera adzukulu ananyamula makasu ndi nkhwangwa kupita kumanda. Nthaka ya Okutobala ndi mwala, ndipo tinkamva kugunda kwawo tili kumudzi. Amayi anayatsa moto kuseri kwa nyumba yanga, mafuwa m'mizere iwiri, utsi n'kumangokwawa pansi chifukwa kunalibe mphepo. Atsikana ankapita kudambo ndi mitsuko n'kubwerako ndi madzi ofiira osadzaza. Matabwa a bokosi anasowa. A Zakeyo anaimirira, nakazula chitseko cha nyumba yawo, cha mlombwa, chimene anapala okha chaka chimene anakwatira. Anachipereka kwa mmisiri. Mmisiriyo analandira chitsekocho osawayang'ana nkhope.

Dzuwa litakwera pang'ono, amayi atatu achikulire analowa kukasambitsa thupi. Ine monga mbale sindinayenere kukhalamo, koma ndinaima pakhonde pomwe ndikanatha kumva. Atavundukula mwendo uja mmodzi anaomba m'manja kamodzi. Wina anati, "Onani, mpaka khungu kung'ambika pakakolo. Mwamuna ameneyu analibe chisoni." Bala limene ankanenalo linali la mpeni wa adokotala, ndipo amene analithira madzi a pachitsime anali ataima kuseri kwa khoma. Atatuluka, mmodzi analavula malovu kuloza kunkhokwe, ndipo bwalo lonse linaona.

Anthu anayamba kufika. Ankatulukira m'njira zonse zitatu, amayi akuyamba kulira ali patali, atasenza malichero a ufa, amuna akukankha njinga, ena atapachika nkhuku pachiwongolero. A mpingo anabwera pamzere atavala zoyera, akuyimba. Ng'oma sizinalire popeza Esitere anali wobatizidwa, koma a kudambwe nawonso anabwera, nakhala pansi pa mtengo wa mango. Pa zinthu zambiri magulu awiriwa sankamvana, koma pa nkhani ya mdulo tsiku limenelo anali amodzi. Abale a a Zakeyo ochokera ku Zingalume anafika asanu okha. Anapatsidwa malo padzuwa.

Ndinawapeza atsibweni kuseri kwa khola, akununkhiza fodya. Sanali munthu waukali. Anali nkhalamba yokonda nthabwala, imene tsiku limenelo inkaoneka yotopa ngati yalima munda wonse yokha. Ndinagwada, ndinawauza zonse: za kapaipi, za bandeji, za nsalu, za bodza limene ndinamunamiza dilesala. Ndinalankhula mofulumira kuti mantha asandipeze panjira. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukuta mphuno.

"Mwana wa mlongo wanga, madzi ofunda anaphapo yani? Mai ako anathowedwa pobala iwe. Iwenso unathowedwa kawiri, suli pano?"

"Atsibweni, ife tinalibe bala lofika mumtsempha."

"Iwe ndi chisoni chikukulankhulitsa. Pita ukakhale ndi anzako. Ndipo zimenezi usakazinenenso, anthu angakumve molakwa."

Anandisisita paphewa monga amachitira ndi mwana amene walota zoopsa. Ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo yawo. Ndinali nditasenza mlandu wanga kudzaupereka ndi manja awiri, ndipo mwini bwalo anaukana.

Ndinapita kunkhokwe. Mkazi sakhala pafupi ndi mlamu wake pamaliro anthu akuona, koma ndinanamizira kuti ndikukawaonetsa mwana. Ndinamasula khandalo n'kuwapatsa. Analilandira mwamantha, ngati dzira. Ndinawauza zomwe ndinauza atsibweni, ndipo ndinati ndikanena kumanda pamaso pa onse. Anayankha akuyang'ana tizala ta mwanayo.

"Alamu, ine sindinayende ndi munthu. Mulungu akudziwa, ndipo tsopano ndadziwa kuti inunso mukudziwa. Zandikwanira."

"Sizinakwane. Akuthamangitsani."

"Mukanena, sakhulupirira za madziwo. Adzati mkulu wadya mng'ono wake, kapena adzati pali chimene chilipo pakati pa inu ndi ine. Ndiye mwanayu adzayamwa kwa yani? Ine ndili ndi kwathu kopita. Uyu kwawo ndi kuno, ndipo bere lili ndi inu."

Zinali zoona. Mwana wanga wachiwiri anali asanaleke kuyamwa, ndipo kuyambira tsiku limene Esitere anayamba kunjenjemera, khandalo linkayamwa ine. Pamudzi ponse panalibe mkazi wina wa mkaka amene akanalilandira. Ndinalanda mwanayo m'manja mwawo mwaukali, ngati iwo ndiwo andilakwira. Ndinakwiya chifukwa ananena zanzeru.

Chakumasana mitambo inasonkhana chakum'mawa, yakuda, anthu n'kumayang'ana kumwamba. Sinagwetse ngakhale dontho. Kunangotentha kwambiri, ntchentche zikuchuluka pakhomo la siwa, ndipo akulu ampingo anafupikitsa mapemphero. Adzukulu atatumiza mawu kuti manda atha, bokosi linatulutsidwa. Pachivundikiro pake pankaonekabe mabowo a zomangira chitseko.

Tinanyamuka. Patsogolo amuna onyamula bokosi, akusinthana mapewa osaima, pambuyo pawo a mpingo ndi nyimbo, kenako ife amayi. Njira ya kumanda imadutsa m'munda wa Esitere. Anali atasosa kale theka lake ali ndi mimba yaikulu, ndipo milu ya mapesi imene anaunjika kuti adzatenthe inali ikadali pomwepo. Fumbi linakwera mpaka kutsokomola. Adzukulu, monga mwa mwambo wawo, ankaseka ndi kutinyoza ofedwafe kuti tiiwale chisoni. Mmodzi anatengera kayendedwe ka Esitere atasenza mtsuko, ndipo amayi ena anaseka misozi ili m'masaya. A Zakeyo okha ndiwo adzukulu sanawanyoze. Munthu amene adzukulu amusiya osamunyoza ndiye kuti watayidwa kale. Ankayenda kumapeto kwenikweni, pambuyo pa ana.

Kumanda kunali mthunzi, ndipo anthu anakhala pansi pamasamba ouma. Bokosi litatsitsidwa, atsibweni anaimirira kufotokoza mmene matenda anayendera, monga zimakhalira. Ananena za kubereka, za ngolo, za lole, za achipatala amene anayesetsa. Kenako anati, "Koma mwana wathu anabwerako atatupa mwendo. Akuluakulu aona, ndipo akudziwa dzina la nthendayo. Mwini wake akudzidziwa." Sanatchule munthu. Mitu yonse inatembenuka yokha.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira liti. Ndinangopezeka ndili chilili pakati pa amayi okhala pansi, mwana ali kumsana. Mkazi salankhula kumanda, ndipo anthu anadabwa. Ndinakuwa kuti, "Ndine! Ndinathowa ndine! Ndinamasula nsalu ya achipatala ndine!" Ndinkafuna kupitiriza, kunena za kapaipi ndi za mfundo, koma mawu anasanduka kulira. Amayi anandigwira m'manja ndi m'chuuno. Wina anati, "Inde, mwanawe, unathowa, unamusamala mbale wako, tonse tikudziwa." Wina anati, "Mutengereni mwanayo angamugwetse." Wotsogolera nyimbo anayambitsa nyimbo mokweza, anthu onse anailandira, ndipo dothi linayamba kugwa pachitseko chija. Anandikhazika pansi n'kumandikupiza ndi chitenje. Ndinanena zoona pamaso pa anthu a midzi isanu, ndipo anandiyamikira.

Pobwerera tinasamba m'manja ndi kumaso pamphambano, m'phale la madzi a mankhwala limene adzukulu anaika. Ndinayang'ana manja ambirimbiri akulowa m'madzi amodzimodziwo, ndipo ndinakumbukira dilesala uja ndi sopo wake. Anthu anadya m'magulumagulu pansi pa mitengo. A ku Zingalume anapatsidwa chakudya pomalizira, ndipo sanachikhudze.

Nkhani ya a Zakeyo sinatenge nthawi. Mwa mwambo akanayenera kukhala mpaka tsiku lometa, koma akuluakulu anati mudzi sungagone ndi munthu wotere. Anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Anati alibe. Analowa m'nyumba yopanda chitseko ija natuluka ndi mphasa, nkhwangwa ndi kabokosi ka zipangizo zawo zopalira matabwa. Nkhokwe yodzaza chimanga anaisiya, anati ndi ya mwana. Podutsa pakhomo panga anaima, osayandikira. Ndinatembenuka kuti aone nkhope ya khandalo kumsana kwanga. Anayang'ana, nati, "Mudzamutche Esitere." Kenako anatsatira abale awo, dzuwa lili pafupi kulowa.

Mwanayo ndinamutchadi Esitere, ndipo anakula akumva kwa anzake kuti bambo ake anadula mai ake. Nditamuuza zoona anali ndi ana ake kale. Tinatuma munthu ku Zingalume, ndipo anabwerako ndi mawu akuti a Zakeyo anapita kumigodi chaka chomwecho ndipo sanabwererenso. Mpaka lero sindidziwa ngati chinapha mng'ono wanga ndi nsalu yanga kapena masiku amene kapaipi kanakhalitsa mumtsempha. Palibe amene angandiuze. Chimene ndidziwa n'chakuti sanali a Zakeyo. Ndikapita kuchipatala kukaona wodwala amene ali ndi kapaipi pamkono, ndimakhala ngati mlonda. Ndimafunsa anamwino kuti kalowa liti ndipo kachoka liti, ndimakalipira achibale ofuna kusisita pamenepo, ndipo amandinena kuti ndine nkhalamba yovuta. Anene.

Madzulo a tsikulo anthu akutali anabalalika, ndipo otsala anakagona kusiwa. Ine ndinapempha kuti ndikagoneke ana kunyumba kwanga. Moto wa kuseri unali utazima, patatsala mafuwa akuda ndi nkhuku zikutolatola. Mitambo ija inali itapita kwina. Mwana wanga anagona msanga. Khanda linali ndi fumbi la kumanda m'tsitsi ndi m'makwinya a khosi, ndipo linafunika kusamba.

Ndinatereka madzi. Ndinawasiya awire mpaka mphika kutsala theka, kenako ndinakhala pansi kudikira kuti azizire. Pofunafuna chopukutira ndinapisa dzanja mumtanga umene tinabwera nawo kuchipatala, ndipo ndinatulutsa nsalu ija. Inali youma, yopindidwa bwino, yofewa chifukwa chochapidwachapidwa. Inali ya amayi athu, ndipo inathowa ine, inathowanso Esitere. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, ndinalephera kuiponya pamoto, ndinalepheranso kuibweza mumtanga.

Kunja kunali zii. Kuchokera pakhomo panga ndinkaona nyumba ya mng'ono wanga ili yasa, ndi nkhokwe pambali pake, pomwe panalibenso munthu wotsamira. Khandalo linayamba kulira. Ndinaika nsaluyo pansi, ndinasamba m'manja kawiri, n'kulinyamula.